Abwana akuti ndilembe ndekha kalata yosiya ntchito, ndisaine kapena ayi?

Wamakiyi_04 analemba:

Moni nonse akuluakulu, ndithandizeni nzeru mutu wanga waima. Ndimagwira ntchito pa kampani ina yake yogulitsa zipangizo zomangira, ntchito yanga ndi yolandira katundu akatsika pa galimoto, kuwerenga, kulowetsa m'buku ndi mu kompyuta kenako kumatulutsa akafunika. Ndakhalapo zaka zinayi ndi miyezi koma kontirakiti yanga ndi ya miyezi itatu itatu, ikatha amabweretsa ina ndimasaina, ntchito yomweyo, tebulo lomwelo, makiyi omwewo.

Sabata yatha anawerenga sitoko nde akuti makatoni ena a maloko ndi mahinji sakuoneka. Makiyi a chipindacho tili nawo anthu atatu, ine, supavaiza, ndi m'bale wawo wa abwana amene amalowa ngakhale Lamlungu ife kulibe. Koma woitanidwa mu ofesi ndine ndekha. Manijala anatseka chitseko nkundiuza kuti ndisankhe, kaya ndisaine kalata yoti ndasiya ntchito mwa kufuna kwanga andipatse salale ya mwezi uno ndi kalata yabwino yokafunira ntchito kwina, kapena andichotse ngati wakuba ndipo nkhani ikafika kupolisi dzina langa liipiretu. Kalatayo anali atatayipa kale, dzina langa lilipo, pansi pangotsala mzere wa siginecha. Nditapempha kopi anakana. Akutinso mtengo wa katunduyo adula pa salale yanga yomweyo. Andipatsa mpaka Lachisanu.

Ine sindinabe kanthu, ndili ndi ana akudalira ine, ndipo za polisi ndimaopa ndisaname. Kodi munthu wa kontirakiti ya miyezi itatu ali ndi pogwira? Ndikakana kusaina chingandichitikire n'chani?

Gogo_wa_Mafayilo anayankha:

Achemwali musasaine. Ine ndinakhala nthawi yaitali mu ofesi ya HR, yoona za antchito pa kampani, ndipo kalata yotayipiratu ngati imeneyo ndimaidziwa bwino. Dzifunseni nokha, munthu amene ali ndi umboni weniweni woti mwamubera angakulembereni bwanji kalata yokuyamikirani? Wogwira umboni sanyengerera, amakulembera mlandu nkuitanitsa hiyaring'i, msonkhano wa pakampani womva mlandu wako, basi. Akufuna siginecha yanu chifukwa kuchotsa munthu kuli ndi malamulo ake, pomwe amene wasiya yekha savuta, fayilo imangotsekedwa.

Simunanene dziko lomwe muli nde ndiyankha za paliponse, inu mukafananize ndi lamulo lakwanuko. Kuli bungwe la ILO loona za apantchito padziko lonse, linayamba mu 1919, likulu lake lili ku Geneva. Mu 1982 linapanga pangano nambala 158 lokhudza kuchotsa munthu ntchito, ndipo mfundo zake ndi zomwe mayiko ambiri anatengera m'malamulo awo. Likuti munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka, ndipo chifukwacho chikhale cha khalidwe lake, kulephera kwake ntchito, kapena vuto la kayendetsedwe ka kampaniyo. Likutinso ngati nkhani ndi ya khalidwe, ngati yanuyi, munthu asachotsedwe asanapatsidwe mpata wodziteteza pa zomwe akumunenazo. Ndipo akachotsedwa ali ndi ufulu wokadandaula kwa ena osakondera, kaya khothi la zantchito kaya bungwe loyanjanitsa. Malawi inavomereza panganoli mu 1986, Zambia mu 1990. South Africa sinalivomereze koma lamulo lawo la Labour Relations Act la 1995 likunena zofanana. Si paliponse ayi, ku America m'madera ambiri bwana atha kukuchotsa osapereka chifukwa bola kusakhale kusankhana mtundu kapena kukubwezera chipongwe chifukwa unadandaula.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Akakuchotsani iwo, m'malamulo a mayiko ambiri bwana ndi amene amayenera kusonyeza kuti chifukwa chinalipo ndipo ndondomeko anaitsata. Abweretse mapepala a sitoko, afotokoze bwanji mwa anthu atatu a makiyi anasankha inu. Koma mukasaina zinthu zimatembenuka, inu ndi amene muyambe kutuluka thukuta kusonyeza kuti munakakamizidwa. Inde malamulo ambiri amavomereza kuti kusiya ntchito mokakamizidwa ndi chimodzimodzi kuchotsedwa, koma umboni muutenga kuti poti zonse zinanenedwa chitseko chili chotseka, ndipo pepala lokhalo lomwe lilipo likuti mwasiya mwa kufuna kwanu, pansi siginecha yanu?

Chitani izi lero lomwe. Alembereni manijala imelo kapena meseji pa WhatsApp, mwaulemu, osatukwana, mawu ake monga awa: "Bwana, potsatira zomwe tinakambirana mu ofesi mwanu, pomwe munandiuza kuti ndisaine kalata yosiya ntchito pofika Lachisanu apo ayi mundichotsa ndi kundinenera kupolisi, ndikudziwitseni kuti sindikusiya ntchito ndipo katunduyo sindinatenge. Ngati pali mlandu chonde mundilembere ndipo ndine wokonzeka kudzayankha." Akayankha mwapeza umboni, akangokhala chete osatsutsa nawonso ndi umboni. Jambulani sikirinishoti mutumize ku foni ina.

Ndipo musajombe. Lachisanu pitani, Lolemba pitani, sainani buku la pageti monga mwa masiku onse. Anthu ambiri akaopsezedwa amangokhala pakhomo ndi mantha, kampani nkulemba kuti anathawa ntchito, nkhani ya maloko osaitchulanso nkomwe.

Za polisi, aliyense atha kukanena kupolisi, zimenezo simungawaletse, ndipo kusaina sikuwaletsanso. Kalata yosiya ntchito yolembedwa sabata yomwe katundu wasowa imaoneka ngati munthu akuvomera nkuthawa.

Dalaivala_Wopuma anayankha:

Agogo ayankhula bwino koma tiyeni tinene zoona abale, malamulo a ku Geneva sadyetsa ana kkkk. Ine ndaona anzanga akupita kukhothi la zantchito, mlandu kumangosunthidwa, lero jaji kulibe, mawa loya wa kampani wadwala, munthu kutha nsapato mpaka ena amangousiya. Ndipo ukawina nkhondo ina imayamba yoti akulipire. Pakali pano mabwana amadziwana, akaimbirana foni kuti uyu ndi wovuta uja, ntchito kwina uiwale. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Koma sindikuti musaine pepala lawolo ayi, limenelo ndi msampha, pamenepo ndagwirizana nawo agogo. Ine ndikuti ngati mumtima mwanu mwaona kuti pamalopo simungakhalenso bwino, poti munthu akakutcha wakuba ngakhale uwine mumangoyang'anizana ndi diso lofiira, siginecha yanuyo ndi katundu, igulitseni modula. Auzeni kuti ngati akufuna musiyane pakhale mgwirizano wolembedwa, wosainidwa mbali zonse, inu kopi yanu m'manja. Mulembedwe kuti nkhani yakuba aichotsa ndipo sadula kanthu, akupatsani ndalama ya notisi, masiku a tchuthi omwe simunapume, ndi ya zaka zomwe mwagwira. Ndalama ilowe kaye kapena tsiku lolipira lilembedwe. Akakana nde mwadziwa kuti amafuna kukutayani ulele, pamenepo menyani nkhondo. Ndipo pepala lililonse pitani nalo kunyumba mukawerenge ndi munthu wodziwa, losainira pompo pamaso pa bwana ataimirira silikhala labwino.

Mpando_wa_Yuniyoni anayankha:

Adalaivala, kuchedwa kwa milandu n'zoona sindikutsutsani, koma mwalumpha sitepe. Nkhani zambiri sizifika nkomwe kwa jaji, zimathera pa kuyanjanitsa, kaya kwa a leba kaya ku bungwe ngati CCMA ya ku South Africa, ndipo kumeneko sikufuna loya. Ndiponso mgwirizano wodula womwe mukunenawo bwana amaulola pokhapokha akaona kuti munthuyu akudziwa kolowera. Wopanda mlandu m'manja sagulitsa kanthu.

Ine ndikufuna ndikhazikike pa funso la kontirakiti poti ndi pomwe achemwali akudziona ochepa. Mabwana anazindikira kalekale kuti ukamusunga munthu pa timakontirakiti tatifupi, tsiku lomwe wamutopa umangoti yatha sitikuwonjezera, osafuna chifukwa, osafuna notisi. Olemba malamulo nawo anaziona. Pangano 158 lomwe atchula agogo lija limauza mayiko kuti aike chitetezo kuti makontirakiti a nthawi yochepa asagwiritsidwe ntchito pozemba lamulo. Ku Malawi, Employment Act ya 2000 imati kontirakiti ya nthawi yoikika ikakhala kuti kwenikweni ikudzaza malo okhazikika pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ya kampaniyo, imatengedwa ngati yopanda malire. Ku South Africa anthu a malipiro otsika akapitirira miyezi itatu pa kontirakiti yotere popanda chifukwa chomveka amatengedwa ngati okhazikika. Kampani yogulitsa katundu ingakhale tsiku limodzi yopanda wolandira katundu? Ntchito yanu si ya nyengo, si yogwirizira wina amene ali pa tchuthi, ndi msana wa bizinesiyo, ndipo zaka zinayi zikuchitira umboni.

Mfundo yake ndi yoti oweruza amayang'ana zomwe zimachitika, osati dzina lomwe lalembedwa pamwamba pa pepala. ILO inailemba mfundo imeneyi mu langizo nambala 198 la 2006. Ndi zomwenso zinachitika ku Britain mu 2021, khothi lalikulu kwambiri kumeneko linagamula kuti madalaivala a Uber, kampani ya matakisi oitanitsa pa foni, ndi antchito oyenera malipiro ochepetsetsa a lamulo ndi tchuthi cholipidwa, ngakhale mapepala a kampaniyo amati ndi anthu odzilemba okha, chifukwa mitengo ndi kagwiridwe konse amalamula ndi kampani. Nde sonkhanitsani makontirakiti onse kuyambira yoyamba, mapepala a salale, ngati mulibe tengani sitetimenti ya ku banki yoonetsa ndalama ikulowa mwezi ndi mwezi osadukiza. Ndipo onani tsiku lomwe kontirakiti yapanoyi ikutha, ndikukayika ngati nkhaniyi yabuka pano mwangozi.

Chinanso chomwe chandipweteka, salale ya mwezi uno akukulonjezaniyo ndi yanu kale. Masiku mwagwira, ndalama ndi yanu kaya mwasaina kaya mwachotsedwa, ngakhale munthu wogwidwa ndi katundu m'manja amalipidwa masiku omwe anagwira. Akukugulani ndi ndalama yanu yomwe. Za kudula, pangano nambala 95 la 1949 loteteza malipiro limati bwana asadule pa salale kupatula zomwe lamulo la dziko, mgwirizano wa yuniyoni kapena chigamulo chalola, ndiponso pa mlingo womwe walolezedwa. Bwana sangakhale yekha wodandaula, yekha woweruza, yekhanso wodzilipira kuchokera m'thumba mwanu pa mlandu womwe sunamvedwe. Akadula, limenelo ndi dandaulo lina palokha.

Chomaliza chomwe chimagwetsa anthu ambiri a milandu yabwino ndi nthawi. Ku South Africa ndi masiku 30 okha kuchokera tsiku lochotsedwa kuti ukatule nkhani ku CCMA. Ku Malawi ndi miyezi itatu kukadandaula kwa a leba. Mabwana ena amadziwa zimenezi nde amakunyengerera, bwera mwezi wamawa tikambirane, abwana akulu ali kunja, mpaka nthawi yakuthera. Funsani malire a kwanuko sabata ino, musadikire kuti akuchotseni kaye.

Wamakiyi_04 analemba:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kangapo mpaka mtima wakhalako pansi. Dziko ndi tauni sinditchula pepani, anzanga ena akuntchito amawerenga muno. Meseji ija ndinatumiza monga ananenera agogo, manijala anawerenga, timizere tabuluu tinaoneka, osayankha. Lachisanu ndinapita, za kusaina sanazitchulenso, m'malo mwake andipatsa kalata yondiimitsa kaye ntchito ndi ina yondiitana ku hiyaring'i Lachiwiri. Mlandu angolemba kuti "kusowa kwa katundu", osatchula katundu wanji, wochuluka bwanji, anasowa liti. Makiyi andilanda, mu kompyuta andichotsa nde mabuku sindingawaonenso. A Mpando munalondola, kontirakiti ikutha kumapeto kwa mwezi uno. Pakampanipo palibe yuniyoni, wina anayesapo kuyambitsa kontirakiti yake sinawonjezedwe. Kodi ndingapite ndi munthu ku hiyaring'iko? Nanga akandipatsa pepala kumeneko kuti ndisaine nditani?

Mai_a_Mapasa anayankha:

Mwana wanga limba mtima, kalata ya hiyaring'iyo ikusonyeza kuti meseji yako yawagwedeza, akuyesa kukonza zomwe anayamba mokhota. Ine zinandionekerapo pa fakitale ina yosoka zovala, nditangowauza kuti ndine woyembekezera mwadzidzidzi ntchito yanga inayamba kuoneka zolakwika, mizere yokhota, kuchedwa, zonse zomwe kale sankaziona. Tsiku la hiyaring'i ndinalowa m'kachipinda kotentha, iwo atatu mbali imodzi ya tebulo, ine ndekha pa mpando wapulasitiki kutsidya, wotsogolera nkhani ndi supavaiza yemweyo amene amandinenera. Amayankhula mothamanga, wolemba maminitsi amalemba akamayankhula iwo, ndikayamba ine cholembera amachiika pansi. Ndinachita kumuuza kuti achimwene lembaninso zangazi. Pamapeto anandisunthira pepala kuti saina apa kusonyeza kuti unalipo. Ndinaliwerenga lonse iwo akugogoda tebulo, ndipo pamwamba pa siginecha ndinalemba ndi dzanja langa kuti ndalandira koma sindikugwirizana ndi zomwe zalembedwa, nkuika deti. Kachiganizo kameneko ndi komwe kanandithandiza kwa a leba, chifukwa mkati mwa maminitsiwo analembamo kuti ndavomera kulakwa. Anandichotsabe, koma pa kuyanjanitsa kampani inalipira osafika kukhothi, poti kuchotsa munthu chifukwa cha mimba ndi zoletsedwa ndipo madeti amawatsutsa okha.

Nde iwe tenga kope lako ndi cholembera, uzilemba wekha amene alipo, nthawi yoyambira, funso lililonse ndi yankho lako. Usakwiye, akufuna ukalipe kuti apeze mlandu wina wamwano. Chomwe sukudziwa nena kuti sindikudziwa, usaganizire. Ndipo usamunene m'bale wa abwanayo kuti ndi wakuba poti sunamuone, ungonena zomwe ukudziwa, kuti makiyi ali ndi anthu atatu ndipo ena amalowa masiku omwe iwe kulibe.

Gogo_wa_Mafayilo anayankha:

Mwachita bwino achemwali. Kupita ndi munthu, inde pemphani, ndipo mupemphe molemba. Langizo la ILO nambala 166, lomwe linatuluka limodzi ndi pangano 158 mu 1982, limati wantchito azithandizidwa ndi munthu wina podziteteza. M'malo ambiri amalola mnzako wakuntchito kapena wa yuniyoni, loya nthawi zambiri amakana pa hiyaring'i ya mkati, nde onaninso buku la malamulo a kampani ngati lilipo. Akakana, kukanako kukhale pa pepala. Langizo lomwelo limatinso ukachotsedwa uli ndi ufulu wopempha chifukwa chake molembedwa, komanso setifiketi yongonena tsiku lomwe unayamba, tsiku lomwe unasiya ndi mtundu wa ntchito yomwe umagwira, ndipo mayiko ambiri anaziika m'malamulo. Choncho kalata yokafunira ntchito yomwe amakuopsezani nayo ija si mphatso yonse ayi, mbali yake ndi yanu kale.

Lolemba m'mawa kaperekeni kalata, kopi ina aidinde kapena asaine kuti alandira. Mupemphe kuti mlandu aufotokoze, katundu wanji, angati, pakati pa deti iti ndi iti. Mupemphe mapepala a kuwerenga kwa sitoko kwa sabata yatha komanso a kuwerenga komaliza kusanachitike kumeneku, chifukwa ngati papita miyezi yambiri osawerenga sangadziwe nkomwe kuti katunduyo anasowa liti. Mupemphe mapepala olandirira ndi otulutsira katundu ameneyo, buku la pageti makamaka la Loweruka ndi Lamlungu, ndi zithunzi za kamera ngati ilipo. Munene kuti supavaiza ndi m'bale wa abwana uja abwere adzafunsidwe pamaso panu, ndipo amene akutsogolera hiyaring'i asakhale manijala amene anakupatsani kalata yosiya ntchito uja poti iyeyo ndi mboni pa nkhaniyi. Akapanda kukupatsani mapepala nthawi ilipo, pitanibe Lachiwiri, mukapemphe kuti aisunthe ndipo pempholo lilowe m'maminitsi. Funsaninso ngati kuimitsidwaku n'kolipidwa, makalata ambiri amasiya dala mfundo imeneyo.

Za kumapeto kwa mwezi, a Mpando anena kale. Akangoti kontirakiti yatha osagamula mlandu, musatenge ngati nkhani yafera pomwepo, tsiku limenelo muliwerenge ngati tsiku lochotsedwa ndipo nthawi yokadandaula iyambire pamenepo. Ndipo za mnzanu amene anataya ntchito chifukwa cha yuniyoni uja mukazitchule kwa a leba, pangano nambala 98 la 1949 limaletsa zimenezo, ndipo oyendera malo a ntchito amayenera kusunga chinsinsi cha amene wawatsina khutu.

Dalaivala_Wopuma anayankha:

Buku la pagetilo lifulumireni achemwali, masamba a Lamlungu amatha kung'ambika okha usiku kkkk. Ngati mlonda mumagwirizana naye mufunseni ngati angalole kudzanena zomwe amaona, koma musamukakamize, nayenso mwina ali pa ya miyezi itatu. Mutiuze Lachiwiri madzulo kuti zayenda bwanji, ndipo akatchula za kukambirana musayambe ndinu kutchula ndalama, asiyeni atchule okha.